Galimoto yakale ifika bwanji pa madola 143 miliyoni? Tikambirane za mitengo

Mlongoti:
Moni nonse akuluakulu. Pali nkhani yomwe imabwerabwera pagulu pano koma sitinaikhalirepo pansi. Mu Meyi 2022 Benz ya mu 1955 inagulidwa pa ma euro 135 miliyoni, omwe pa nthawiyo anali pafupifupi madola 143 miliyoni. Galimoto ya mipando iwiri, yaphokoso, yotentha m'kati, yoti simunganyamulirepo ngakhale thumba la chimanga. Mtengo woterewu umachokera pati? Funso lachiwiri ndi lomwe ambiri akungolisunga mumtima: ma Peugeot 404, ma Land Rover ndi ma Benz akale omwe agona pa njerwa kuseri kwa nyumba m'makomomu, kodi nawonso ndi chuma? Odziwa tithandizeni, koma mutipatse manambala.

Gogo Kabuleta:
Mwafunsa bwino achimwene. Choyamba chotsani m'mutu ganizo loti chomwe chikugulidwa ndi ukalamba. Morris Minor ya mu 1955 ndi ya msinkhu umodzi ndi Benz mukunenayo, koma ma Morris Minor anapangidwa opitirira 1.6 miliyoni, ndipo ku Britain mutha kupeza yoyenda bwinobwino pa mtengo wa galimoto wamba.

Benz ija ndi 300 SLR Uhlenhaut Coupé, ndipo padziko lonse zilipo ziwiri basi. Injini yake ndi ya masilinda 8 ondondozana mzere umodzi, malita atatu, m'bale wake wa injini ya W196 yomwe katswiri woyendetsa Fangio anatengera ukatswiri wa Formula One mu 1954 ndi 1955. Anaipangira mpikisano, koma mu Juni 1955 pa mpikisano wa ku Le Mans, ku France, 300 SLR yopanda denga inaulukira m'khamu la oonerera n'kupha anthu opitirira 80, ndipo kumapeto kwa chakacho Mercedes inasiya mipikisano. Ziwiri zadengazi sizinapikisane nkomwe. Rudolf Uhlenhaut, injiniya yemwe anazipanga, ankayendera imodzi ngati galimoto yake ya kuntchito. Zonse ziwiri zinakhala m'manja mwa kampaniyo zaka 67.

Ndiye taonani zomwe wogula analandira. Panalibe chikaiko choti kaya ndi yeniyeni, sinadutsepo m'manja mwa anthu osadziwika, ndipo inzake ili mu myuziyamu ku Stuttgart, sikugulitsidwa. Kampani ya okushoni ya RM Sotheby's inangoitana anthu ochepa osankhika pa 5 Meyi 2022, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti akaiphonya tsikulo sadzaionanso pamsika m'moyo wake.

Nangozo:
Agogo, ndionjezerepo kuti kuchepa pakokha sikukweza mtengo. Alipo magalimoto omwe anapangidwa ochepa chifukwa anthu anawakana ali atsopano, ndipo mpaka lero akuwakanabe. Mtengo umabadwa pamene anthu andalama ofuna chinthu achuluka kuposa chinthucho.

Ferrari 250 GTO ikuonetsa zimenezi bwino. Anapanga 36 pakati pa 1962 ndi 1964, yatsopano inali pafupifupi madola 18,000. Inabweretsera Ferrari chikho cha dziko lonse cha magalimoto a GT zaka zitatu zotsatizana, 1962, 1963 ndi 1964. Zonse 36 zikadalipo, ndipo iliyonse imadziwika ndi nambala ya chassis ngati munthu ndi dzina lake. Chifukwa cha ichi palibe "mtengo wa GTO". Pali mtengo wa GTO yakutiyakuti.

Ya nambala 3851GT inagulidwa madola 38.1 miliyoni ku okushoni ya Bonhams mu Ogasiti 2014. Imeneyi inachita ngozi yoopsa ku Montlhéry mu 1962, woyendetsa anafa, ndipo fakitale inachita kuimanganso. Ya nambala 3413GT inapita pa 48.4 miliyoni ku okushoni ya ku Monterey, ku America, mu Ogasiti 2018. Chaka chomwecho zinamveka kuti 4153GT inagulidwa mwamseri pa 70 miliyoni, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: inapambana Tour de France Automobile mu 1964, inakhala yachinayi ku Le Mans mu 1963, ndipo sinaphwanyikepo kwambiri. Maonekedwe ndi ofanana, koma mbiri yasiyanitsa mitengo ndi madola opitirira 30 miliyoni.

Mlongoti:
Amayi, ndiye ndalama zonse zomwe timawerengazo zimalowa m'thumba mwa wogulitsa?

Nangozo:
Ayi, ndipo apa m'pomwe ambiri amasokonezeka. Mtengo womwe amalengeza m'nyuzipepala ndi wophatikiza kale komishoni ya okushoni yomwe amalipira wogula. Ku America RM Sotheby's imatenga 12 peresenti pa madola 250,000 oyamba, ndi 10 peresenti pa zotsalazo. Tiwerengere limodzi pa Ferrari ya nambala 3765 yomwe inagulitsidwa ku New York mu Novembala 2023. Nyundo inagwa pa 47 miliyoni. 12 peresenti ya 250,000 ndi 30,000. 10 peresenti ya 46,750,000 ndi 4,675,000. Mukaphatikiza mupeza 51,705,000, womwe ndi mtengo unalengezedwa uja. Madola 4.7 miliyoni sanafike kwa mwini galimoto.

Wogulitsanso amadulidwa komishoni yakeyake, ngakhale kuti pa galimoto yaikulu chonchi amakambirana n'kuitsitsa. Onjezanipo ndalama yoikitsa m'kabuku ka okushoni, yonyamulira ndi inshuwalansi ya paulendo. Choncho munthu akagula galimoto ku okushoni lero n'kukaigulitsanso ku okushoni chaka chamawa pa mtengo wa nyundo womwewo, wataya ndalama zoposa 10 peresenti. Mtengo uyenera kukwera kaye kwambiri kuti angobweza zake.

Mawu ena oti muziwayang'ana ndi reserve, mtengo wachinsinsi womwe mwini wanena kuti pansi pa apa sindigulitsa. Galimoto ikalephera kufikapo, aliyense amaona, ndipo zotsatira zake zimakhala pa intaneti mpaka kalekale. Ogula a mtsogolo amayambira pomwepo kunenerera.

Mbale wa ku Leeds:
Ndikufuna achinyamata omwe akuona ngati mitengo imeneyi imangokwera amve izi. Enzo Ferrari atamwalira mu Ogasiti 1988, mitengo ya ma Ferrari inachita misala. Anthu ankagula ndi ngongole za kubanki, ena osaiona n'komwe galimotoyo. Ndalama zambiri zinkachokera ku Japan, komwe malo ndi masheya zinali zitakwera mosaneneka. Mu 1989 GTO imodzi inapita ku Japan pa madola pafupifupi 13 miliyoni. Chuma cha ku Japan chitagwa, chiwongoladzanja chitakwera ku Britain, msika unaphwa. Galimoto yomweyo itagulitsidwanso mu 1994 sinafike ngakhale pa 4 miliyoni. Imeneyo ndi GTO, mfumu ya zonse. Omwe anagula ma Jaguar E-Type ndi ma Aston Martin wamba pa mitengo ya 1989 anadikira zaka zambiri kuti aonenso ndalama zawo.

Komanso galimoto ikakhala imadya. Garaji youma, inshuwalansi, matayala omwe amauma ngakhale osayenda, mabuleki omwe amamatirira. Nyumba imabweretsa lendi, masheya amabweretsa phindu la pachaka, koma galimoto imangotulutsa ndalama mpaka tsiku loigulitsa.

Chinanso ndi mibadwo. Munthu amagula galimoto yomwe ankaisirira ali mnyamata. Omwe ankasirira magalimoto a m'ma 1930 ndi 1950 akutha, ndipo mitengo ya wamba a nthawi imeneyo yafooka. Omwe ali ndi ndalama pano anakula akusirira za m'ma 1980 ndi 1990. Ku America galimoto yomwe sinagulitsidweko yatsopano imaloledwa kulowa ikakwana zaka 25. Nissan Skyline GT-R R34 inayamba kutuluka mu Januwale 1999, ndiye inayamba kuloledwa mu 2024, ndipo mitengo yake ku Japan inali itakwera kale zaka zingapo tsikulo lisanafike chifukwa ochita malonda ankagula n'kusunga.

Mkonzabodi:
Zonsezi n'zoona, koma tiyeni titsike pa chitsulo penipeni, chifukwa ndalama zimatayikira pamenepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto yakale yonyezimira ndiyo yofunika kuiopa kwambiri.

Musapite kukaona galimoto yotere opanda kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti. Penti ya kufakitale imakhala cha m'ma micron 100 mpaka 180. Mukapeza 300 kapena 400, anapentanso. Mukapeza kupyola 1,000, pansipo pali fila. Yezani malo asanu kapena kuposerapo pa chitseko chilichonse, makamaka m'munsi, pa mapiko a matayala, ndi m'mphepete mwa galasi lakutsogolo. Ngati chipangizocho mulibe, kulungani maginito ofooka m'kansalu n'kumayendetsa pa bodi. Pomwe pali fila wambiri sagwira. Koma dziwani kaye kuti bodiyo ndi yachitsulo, chifukwa pa aluminiyamu maginito sagwira paliponse.

Galimoto iliyonse ili ndi malo ake obisalira dzimbiri. Pa E-Type yang'anani mbali za m'munsi mwa zitseko ndi pansi popondapo, komanso mafelemu a mapaipi omwe anyamula injini. Mapaipi amenewo ndi a chitsulo chopyapyala cha Reynolds 531, ndipo akaola kapena kusweka samawotchereredwa, amasinthidwa. Mukaona chipsera cha kuwotcherera pamenepo, wina anachita zachidule. Pa Porsche 911 ya chisanafike 1976, pomwe anayamba kukutira bodi yonse ndi zinki, yang'anani pokhala batire, pansi pa mphuno pomwe pagwira sasipenshoni, kuseri kwa chitseko m'munsi, ndi paipi yaikulu ya kumbuyo yomwe muli ma torsion bar. Paipi imeneyo ikaola, ntchito yake ndi yong'amba theka la galimoto. Pa Benz 280 SL tsegulani boneti muone madontho a kuwotcherera kwa kufakitale m'mphepete mwa mapiko. Akakhala kuti kulibe, pasalala, ndiye kuti mapiko anasinthidwa kapena anamatidwa fila.

Gogo Kabuleta:
Mukatha bodi mubwere ku manambala. Azungu amati matching numbers, kutanthauza kuti injini, nthawi zina ndi giyabokosi yomwe, ndi zomwezo inatuluka nazo kufakitale. Sikuti nambala ya injini ifanane ndi ya chassis ayi, pa magalimoto ambiri zimasiyana. Chofunika n'chakuti zigwirizane ndi zomwe zinalembedwa m'kaundula wa fakitale tsiku lomwe inapangidwa.

Kaundulayo alipo ndipo mutha kuitanitsa. Mercedes ili ndi khadi la galimoto iliyonse losonyeza nambala ya injini, mtundu wa penti, zikopa za mipando ndi zina zomwe wogula woyamba anapempha. Jaguar Daimler Heritage Trust imapereka satifiketi. Za MG, Triumph, Austin ndi ma Land Rover akale zimapezeka ku British Motor Museum ku Gaydon. Ferrari inakhazikitsa Classiche mu 2006, yomwe imaunika galimoto n'kupereka buku lofiira.

Chifukwa chovutikira chonchi n'chakuti achinyengo alipo ndipo ndi aluso. Porsche 911 Carrera RS 2.7 ya mu 1973 anapanga 1,580, mwa izo zopepuka za M471 zinali 200 zokha. Bodi yake siisiyana kwambiri ndi 911 wamba ya chaka chomwecho, choncho munthu atha kutenga 911T, kuikuza mapiko akumbuyo, kuika kamchira kaja, n'kudinda nambala yoyamba ndi 911 360. Ma Ferrari 250 GTE ambiri, a mipando inayi, anadulidwa kuti chassis ndi injini zake apangire ma GTO abodza.

Poyang'ana nambala yodindidwa, walitsani tochi chammbali. Onani ngati malowo atsika kuposa pozungulira, chomwe chimasonyeza kuti anapala nambala yakale. Onani kalembedwe ka manambala, makamaka 1, 4 ndi 7, mufananize ndi galimoto ina yodziwika ya mwezi womwewo. Suzumirani kuseri kwa chitsulocho ngati pali mzere wowotcherera wozungulira nambala, chifukwa ena amadula kachigamba ka galimoto yophwanyika n'kukamata pa ina. Pa buloko ya injini nthawi zambiri pamakhala deti lomwe anaiumbira. Detilo liyenera kukhala la m'mbuyo mwa tsiku lomwe galimoto inatuluka, osati la mtsogolo.

Mlongoti:
Nanga zija Jaguar inapanganso zatsopano koma za kalembedwe kakale? Zija zili mbali iti?

Gogo Kabuleta:
Zija si zabodza chifukwa wapanga ndi mwini dzina ndipo sakubisa. Ma Jaguar XKSS enieni anatuluka 16, ena 9 anapsa pa moto wa kufakitale ya Browns Lane mu Febuluwale 1957, ndipo mu 2016 Jaguar inalengeza kuti ipanga 9 zolowa m'malo mwake, iliyonse pa mtengo wopitirira mapaundi 1 miliyoni. Koma yeniyeni ya mu 1957 inagulidwa madola 13.2 miliyoni ku Monterey mu 2023. Fakitale itha kubwereza chitsulo, zaka 60 za mbiri singazibwereze.

Mkonzabodi:
Pano ndili ndi kachikaiko ndi zomwe zafala masiku ano zoti galimoto yafumbi, yosakonzedwa, iposa yokonzedwa bwino. Galimoto anaipangira kuyenda. Yowola mipando, mabuleki atafa, ingapose bwanji yomwe anthu athera maola 2,000 akuikonza?

Nangozo:
Achimwene, msika wayankha kale funso limeneli, koma pa magalimoto ochepa okha. Benz 300 SL Gullwing anapanga 1,400 pakati pa 1954 ndi 1957, ndipo 29 zokha zinali za bodi ya aluminiyamu. Zachitsulo zambiri zimayenda pakati pa madola 1 miliyoni ndi 2 miliyoni. Ya aluminiyamu yokonzedwa bwino inagulidwa 6.8 miliyoni ku Arizona mu Januwale 2022. Mu Okutobala 2024 ina ya aluminiyamu, yomwe inakhala zaka pafupifupi 50 pa yadi ya magalimoto akutha ya Rudi Klein ku Los Angeles, yosayenda, inagulidwa pafupifupi 9.4 miliyoni. Ku France mu Febuluwale 2015, Ferrari 250 GT California Spider ya m'gulu la magalimoto a banja la Baillon, yomwe anaipeza itakwiririka ndi milu ya magazini, inapita pa ma euro 16.3 miliyoni ku okushoni ya Artcurial. Ndipo mu Ogasiti 2024 mphoto yaikulu ya chionetsero cha magalimoto akale cha ku Pebble Beach inapita koyamba kwa galimoto yosakonzedwanso, Bugatti Type 59 ya mu 1934.

Wogulayo sakugula fumbi. Akugula umboni. Pa galimoto yomwe sinakhudzidwe, kuwotcherera kulikonse, nambala iliyonse, chikopa chilichonse n'cha kufakitale ndipo chikuoneka. Pa yokonzedwa, penti yatsopano yaphimba zonse, ndipo muyenera kukhulupirira mawu a wokonzayo.

Mkonzabodi:
Pa Gullwing ya aluminiyamu ndavomera amayi. Koma tisanamize anthu kuti chiphakasa chilichonse chili bwino chikhale chomwecho. Pali kusiyana pakati pa galimoto yosungika, yomwe penti yake yangofwifwa koma chitsulo n'cholimba, ndi yonyanyalidwa yomwe pansi pake mutha kupisapo phazi. Yoyambayo musaipente, ingoitsukani ndi kuipukuta mosamala. Yachiwiriyo ikufunika ntchito yonse, ndipo apa m'pofunika kuwerengera musanamasule bawuti ngakhale imodzi.

Tiyerekeze maola 1,500 pa mapaundi 60 pa ola. Ndi mapaundi 90,000, masipeyala, penti, kromu ndi zikopa tisanawerengere. Maola amenewa sasintha kwambiri kaya mukukonza E-Type kaya MGB. Koma ma MGB anapangidwa opitirira 500,000, ndipo ngakhale yokongola chotani singabweze ndalama zimenezo. N'chifukwa chake pa galimoto wamba n'kwanzeru kugula yomwe wina anakonza kale n'kuluza, kusiyana n'kuyamba nokha.

A Hagerty, a inshuwalansi ya magalimoto akale, amagawa magalimoto m'magulu anayi. Nambala 1 ndi yopita nayo kuchionetsero, 2 ndi yabwino kwambiri, 3 ndi yabwino yoyendera, 4 ndi yoyenda koma ya zilema zooneka. Eni magalimoto ambiri amaona mtengo wa nambala 1 pa intaneti pomwe yawo sikufika ngakhale pa 4.

WakuJoni:
Akuluakulu mwapita kutali ku Monterey, koma kuno ku Joni kuli magalimoto osowa omwe anapangidwira konkuno, ndipo mitengo yake yakwera kwambiri. Malamulo a mipikisano ankafuna kuti kampani igulitse chiwerengero chakutichakuti kwa anthu wamba isanaloledwe kupikisana, ndiye ena mwa magalimotowa anabadwa motero. BMW 530 MLE ya mu 1976 ndi 1977 inatuluka ku Rosslyn, 110 zoyamba ndi 117 zachiwiri, ndipo ankaboola zitsulo zina za m'kati kuti ipepuke. Ford Sierra XR8 ya mu 1984, ya injini ya V8 ya malita asanu, anapanga pafupifupi 250. Chevrolet Firenza Can-Am ya mu 1973 anapanga 100. BMW 333i, yomwe ndi 3 Series ya mtundu wa E30 yokhala ndi injini ya malita 3.2, zinangopitirira pang'ono 200. Malo mu boneti anali ochepa moti wogula ankasankha chimodzi, choziziritsa m'kati kapena pawa sitiyaringi. Palinso 325iS, Gusheshe yotchuka ija, ndi Opel Kadett Superboss.

Vuto lake ndi lomwe anena agogo lija. E30 wamba ya zitseko ziwiri itha kuvekedwa mabampa, marimu ndi mabaji mpaka kuoneka ngati 333i kapena 325iS. Ma Gusheshe ambiri anathera pa masewero ozungulitsa galimoto, injini zinasinthidwa kangapo, bodi inang'ambika kumbuyo pomwe pagwira difu. Yosakhudzidwa, ya mabuku ake a sevisi, ndiyo ikusowa, ndipo mtengo wake ndi wina. Abale omwe muli kuno musatulutse marandi musanatsimikize nambala ya chassis kwa BMW kapena ku makalabu a eni magalimotowa, omwe amasunga mndandanda wa zenizeni.

Mlongoti:
Zikomo nonse. Tsopano tibwere pa funso langa lachiwiri lija, la zomwe zili m'makomo mwathu.

Gogo Kabuleta:
Ndiyankha mosapsatira. Ambiri mwa iwo si chuma cha mamiliyoni a madola. Peugeot 404 anapanga pafupifupi 2.9 miliyoni, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. 504 inapitirira 3 miliyoni. Benz W123 anapanga 2.7 miliyoni. Zomwe zili ndi mtengo m'mabanja amenewa ndi zosowa zake: 404 ndi 504 za zitseko ziwiri kapena zotsegula denga, za bodi ya kampani ya ku Italy ya Pininfarina, komanso W123 ya coupé kapena ya siteshoni wagoni. Ndipo magalimoto a kwathu kuno anagwira ntchito yakalavulagaga. Ambiri anaikidwa injini za Toyota kapena Nissan, mawaya analumikizidwalumikizidwa, chassis inawotchereredwa kangapo. Zimenezi zinawathandiza kuyenda zaka zambiri, koma kwa wosonkhanitsa magalimoto chilichonse mwa izi chimatsitsa mtengo.

Zomwe n'zoyenera kuziyang'ana kawiri ndi izi. Land Rover Series I, makamaka yaifupi ya mainchesi 80 ya pakati pa 1948 ndi 1953. Bodi yake ndi ya aluminiyamu ndipo siichita dzimbiri, koma chassis ndi chikhoma cha pakati pa injini ndi woyendetsa n'zachitsulo, ndipo ndizo zimaola. Gogodani chassis ndi hamala yaing'ono kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, pomwe palira mogonthera pawola. Land Cruiser ya mtundu wa 40, FJ40, BJ40 ndi FJ45, ili ndi msika ku America, ku Ulaya ndi ku Australia. Range Rover ya zitseko ziwiri ya m'ma 1970. Datsun 240Z, yomwe inapambana East African Safari mu 1971 ndi 1973. Imodzi ya mu 1971, yoyenda mamailosi pafupifupi 21,000 okha, ya penti yake yoyamba, inagulidwa madola 310,000 pa okushoni ya pa intaneti ya Bring a Trailer mu 2020, koma imeneyo ndi imodzi mwa masauzande.

Mwayi womwe tili nawo ndi wakuti kumtunda kuno kulibe mchere wa m'misewu ya chisanu ngati ku Britain. Galimoto yomwe inakhala pansi pa denga ku Lilongwe kapena ku Chipata itha kukhala ndi chitsulo chabwino kuposa inzake ya ku Ulaya. Yomwe inakhala pansi pa mtengo wa mango ndi nkhani ina, chifukwa masamba amatseka ngalande za madzi ndipo imaolera kuchokera pamwamba.

Mbale wa ku Leeds:
Ndipo mtengo womwe mukuona kuno si womwe mungalandire galimoto ili kumudzi. Chotsanipo kuinyamula mpaka kudoko, kaya Beira, Dar es Salaam kapena Durban, kontena, inshuwalansi, a kiliyaringi mbali zonse ziwiri, ndi komishoni ya wogulitsa. Kuno ku Britain galimoto yopitirira zaka 30, yamtundu womwe sukupangidwanso ndipo sinasinthidwe kwambiri, imalipira VAT ya 5 peresenti yokha polowa. Mawu oti "sinasinthidwe kwambiri" ndi ofunika. Land Rover yoikidwa injini ya Hilux itha kukanidwa mwayi umenewu n'kulipira msonkho wonse. Ku America nakonso, lamulo la zaka 25 lija amaliyang'ana pamodzi ndi manambala, ndipo ma Land Rover omwe manambala ake anawakaikira analandidwapo n'kuphwanyidwa.

Chiwongolero cha kumanja chili bwino ku Britain, Japan, Australia ndi South Africa, koma ku America ndi ku Ulaya ambiri amafuna cha kumanzere ndipo amatsitsa mtengo. Kuposa zonse, mapepala. Popanda blue book ya dzina lolondola, chilolezo cha apolisi ndi zikalata zotulutsira katundu, palibe wogula wanzeru angatumize ndalama. Ngati mwini anamwalira, nkhani ya chuma cha masiye ithe kaye pabanja ndi mwalamulo galimoto isanasunthe.

Sipanala13:
Ndalowa mochedwa koma pali chinthu chimodzi chomwe chimawononga magalimotowa tsiku limodzi, ndicho kuthamangira kuiliza. Munthu wapeza galimoto yomwe yagona zaka 15, wabwereka batire, wathira petulo mu kabuleta, wapotokola kiyi. Maringi omwe anamatirira ku silinda amathyoka, amakanda makoma, mabering'i amazungulira opanda oyilo, ndipo buloko ya nambala yoyambirira ija, yomwe inali theka la mtengo wa galimoto, yawonongeka.

Chitani chonchi. Musanatsuke, jambulani zonse: nambala ya chassis, ya injini, ya giyabokosi, timapuleti ta m'boneti, sipidomita, pansi pa galimoto, ngakhale zomata za pagalasi. Zopezeka m'kabati ndi m'buti, malisiti, mabuku a sevisi, madisiki akale a msonkho, jeke, zida, zisungeni m'katoni imodzi. Kenako masulani mapulagi onse, thirani masupuni awiri kapena atatu a oyilo wopyapyala, kaya ATF (oyilo wa giyabokosi ya otomatiki), mu silinda iliyonse, musiye masiku atatu mpaka sabata. Zungulitsani injini ndi dzanja, sipanala pa bawuti ya pule ya kutsogolo, giya ili pa nyutilo. Ikakana musakakamize, onjezani oyilo mudikirenso. Ikazungulira kawiri mosagwira, khetsani oyilo wakale muone ngati muli madzi kapena tizitsulo, ikani watsopano wa 20W-50 ndi fyuluta. Mapulagi akadali kunja, koyilo mutaichotsa waya, zungulitsani ndi sitata masekondi khumi khumi mpaka nyali ya oyilo izime. Petulo wa m'thanki yakale musamugwiritse ntchito, kokani kuchokera m'kachigubu koyera. Yezani kompuleshoni, masilinda asasiyane kupyola 10 peresenti.

Kwathu kuno palinso nkhani ya ethanol. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba. Ethanol amakoka chinyezi, amadya mapaipi akale a labala ndi kachikopa ka mu pampu ya petulo, ndipo akakhalitsa m'thanki madzi amatsikira pansi n'kuyamba dzimbiri. Sinthani mapaipi onse muike olembedwa SAE J30 R9. Mapaipi osweka pamwamba pa injini yotentha ndiwo amayatsa magalimoto akale ambiri. Mabuleki musawakhulupirire ngakhale pedulo ikulimba: sinthani marabala a m'masilinda, mapaipi ofewa ndi fuluwidi yense. Matayala onani manambala anayi omaliza pambuyo pa DOT, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Opitirira zaka khumi ndi ongokankhira m'garaji.

Mkonzabodi:
Ndipo chilichonse chomwe mwachotsa musataye. Kabuleta yoyambirira, jenereta, wailesi, marimu, chiwongolero chong'aluka, ngakhale injini yakufa yomwe ili pakona ya yadi. Ngati galimoto ikuyendera injini ya Nissan koma buloko yake yoyamba ikadalipo, ipakeni oyilo, itsekeni mabowo ndi nsanza, muiike pamatabwa pouma, ndipo pogulitsa ipite limodzi ndi galimotoyo.

Mlongoti:
A Sipanala, nanga ngati nyali ya oyilo yakana kuzima pozungulitsa paja?

Sipanala13:
Imani pomwepo, musaike mapulagi. Kawirikawiri pampu ya oyilo yauma ndipo ikungopukusa mpweya, kapena kasefa ka pansi mu sampu katsekeka ndi phala la oyilo wakale. Masulani switchi ya oyilo, mangani geji yeniyeni pamalopo kuti mutsimikize kuti vuto si switchiyo. Gejiyo ikapanda kusuntha, thirani oyilo kudzera pa bowo lomwelo ndi sirinji yaikulu kuti pampu inyowe, muyesenso masekondi khumi. Ikakanabe, tsitsani sampu, tsukani kasefako ndi palafini, ndipo poti mwatsegula kale, masulani kapu imodzi ya bering'i muone ngati yakandika musanatseke.